Kodi ndigule masheya a kampani ya ma hard disk poti yatulutsa chatsopano?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Chilenje:

"Ndili ndi kashopu kokonza makompyuta m'tauni, chakufupi ndi Cairo Road. Masiku ano pafupifupi aliyense wobweretsa laputopu amafuna ndimuchotsere hard disk n'kuikamo SSD. Ndamvanso kuti Seagate inatulutsa hard disk ya 30TB. Mwezi wamawa ndine wolandira chilimba, ndipo mnzanga wandionetsa apu yogulira masheya a ku America pafoni. Ndigule a ndani, a opanga SSD poti ndiyo ikuyenda malonda, kapena a Seagate poti yatulutsa chatsopano?"

Yankho:

Bambo, funso lanu landikomera chifukwa lachokera pa tebulo lanu la ntchito, pamene pali sikuludiraiva ndi timabawuti, osati pa mphekesera za pa WhatsApp. Zimene mukuona n'zoona. Laputopu imene inkachedwa kuyaka mpaka munthu kuwiritsa tiyi, mukaiikamo SSD, chosungira cha matchipisi chopanda mbale yozungulira ngati ya hard disk, imadzuka ngati yatsopano, kasitomala n'kuchoka mano ali mbee. Koma kukoma kwa katundu ndi phindu la mwini masheya si chinthu chimodzi. Pa malonda a zipangizo zosungira zinthu m'makompyuta, ziwirizi zasemphana njira kambirimbiri.

Ndiyambe ndi nkhani yakale. Mu 1995 m'masitolo munalowa chipangizo chotchedwa Zip, chopangidwa ndi kampani ya Iomega ya ku Utah. Nthawi imeneyo tonse tinkayenda ndi floppy m'thumba la malaya, kadisiki kolowa 1.44MB basi, chithunzi chimodzi cha foni yanu ya lero sichingakwanemo. Zip inabwera ndi 100MB pa disiki imodzi, ndiye kuti ma floppy pafupifupi 70 m'dzanja limodzi. Anthu anachita nayo misala. Masheya a Iomega anauluka mu 1995 mpaka pakati pa 1996, ndipo ambiri mwa ogula anali anthu wamba amene ankaganiza ngati mmene mukuganizira inumu: ndikuona ndi maso anga kuti katunduyu sakukhalitsa pa shelefu. Ena ankachita kupita ku fakitale kukawerenga magalimoto a antchito Loweruka ndi Lamlungu, kuti adziwe ngati makina akugona kapena ayi.

Mkangano waukulu wa ogula masheya masiku amenewo unali wakuti, pakati pa Iomega ndi mdani wake SyQuest, agwetse mnzake ndani. SyQuest inatulutsa EZ135, yolowa zambiri kuposa Zip ndiponso yothamanga kuiposa. Pa pepala inali yopambana. Koma mu 1998 SyQuest inagwa ndi ngongole. Kodi Iomega inakhala mfumu? Kwa kanthawi chabe. Anthu ali kalikiliki kuonerera ndewu ya awiriwa, chowatha chinalowera khomo la kuseri: ma CD olembeka anatsika mtengo mpaka kukhala a ndalama ya masiwiti, kenako kunabwera fulashi yolowetsa pa USB. Mu 2008 kampani ya EMC inagula Iomega ndi madola pafupifupi 213 miliyoni, pamene mu 1996 msika unkaiyesa ya mabiliyoni angapo. Amene anagula masheya pa nthawi ya chisangalalo ija sanalakwitse za katundu. Zip inali yabwinodi. Analakwitsa za mtengo umene analipira ndi za kumene mdani adzachokere.

Tsopano tibwere ku hard disk. Makampani oposa 200 anayesapo kupanga ma hard disk chiyambire pamene IBM inatulutsa yoyamba mu 1956. Lero atsala atatu: Seagate, Western Digital ndi Toshiba. Ena onse anagwa kapena anamezedwa. Seagate inameza Maxtor mu 2006, n'kutenganso nthambi ya ma hard disk ya Samsung mu 2011. Western Digital inatenga ya Hitachi mu 2012, imenenso inali itagulidwa kwa IBM yemwe uja. Mukamatsegula laputopu yakale n'kupeza dzina la Maxtor kapena Hitachi, mwagwira chikumbutso cha nkhondo ya mitengo imene inatha makampani ambiri.

Kwa wogula masheya, chiwerengero cha atatuchi n'chofunika kuposa 30TB imene mwamva. Ogulitsa akachepa, sadulana mitengo mpaka kutayikirana magazi ngati kale. Taonani zimene zinachitika kumapeto kwa 2011, madzi atasefukira ku Thailand n'kumiza mafakitale a Western Digital ndi a ena opanga timagawo ta m'kati. Mtengo wa hard disk unakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ngati munali kale pa ntchitoyi mukukumbukira mmene ogulitsa a m'tauni ankabisira katundu pansi pa kauntala. Chodabwitsa n'chakuti mu 2012 makampani awiri akuluakulu aja, Seagate ndi Western Digital, anapeza phindu lalikulu kwambiri. Palibe chatsopano chimene chinabweretsa phindu limenelo. Chinabweretsa ndi kusowa kwa katundu.

Mwina mukuti, nanga hard disk si ikufa? Pa tebulo lanu, inde. Mu 2010 dziko lonse linagula ma hard disk pafupifupi 650 miliyoni, koma pofika 2023 sankafikanso ndi 150 miliyoni pa chaka. Komabe inu mukuona mbali imodzi ya msika. Kasitomala weniweni wa Seagate lero si mwana wa sukulu wa ku UNZA amene laputopu yake yayamba kulira ngati chigayo. Ndi makampani ochepa a ma data centre, monga Amazon, Microsoft, Google ndi Meta, amene amasunga mavidiyo, zithunzi ndi mauthenga a dziko lonse. Iwo amagula ma hard disk aakulu zikwizikwi nthawi imodzi, chifukwa pa terabyte (TB) iliyonse hard disk ikadali yotsika mtengo kwambiri kuposa SSD. Ndiye ngakhale chiwerengero cha ma disiki chatsika, kuchuluka kwa zimene amasunga kwakwera. Apa pali ubwino ndi choopsa pamodzi. Makasitomala ochepa olemera amalipira bwino, koma mmodzi akangoti chaka chino ndadzaza nkhokwe, dikirani kaye, malonda amagwa ngati khoma la zidina zosawotcha m'dzinja. Zinachitika chomwecho mu 2022 ndi 2023, Seagate ndi Western Digital n'kuchepetsa antchito.

Nanga 30TB ija? Seagate inailengeza mu Januwale 2024 pa dzina la Mozaic 3+. M'kati mwake muli luso lotchedwa HAMR: kakuwala kakang'ono ka laser kamatenthetsa kadontho pa mbale ya disiki m'kanthawi kochepa kosaneneka, kuti mutu wolembera ulembe pa malo ochepetsetsa kuposa kale. Ndi luso lenileni, sindikulinyoza. Koma Seagate inakhala ikukamba za HAMR kwa zaka zoposa 20 isanafike poigulitsa mochuluka, ndipo ngakhale italengeza, panapitanso miyezi yambiri makasitomala akuluakulu aja akuyesa ma disikiwo m'maseva awo asanavomere kugula mwaunyinji. Tsiku la chilengezo, atolankhani amajambula zithunzi. Ndalama imalowa mochedwa, pamene fakitale yaphunzira kutulutsa ma disiki ambiri osawonongeka ndiponso wogula wasayina.

Palinso ichi chimene apu ya mnzanuyo sidzakuuzani. Nkhani ikamafika pa Cairo Road, akadaulo a ku New York anaimva kalekale. Amakhala pa misonkhano ya kampani miyezi itatu iliyonse, kufunsa mabwana kuti chatsopanocho chituluka liti ndipo agula ndani. Chiyembekezo chimenecho chimalowa kale mu mtengo wa sheya. N'chifukwa chake si zachilendo kuona sheya ikutsika tsiku lomwe katundu watsopano watuluka: amene anagula pa mphekesera akugulitsa kwa amene angomva kumene. Inenso ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama yanga. Zaka zapitazo ndinawerenga za chipangizo cha kampani ina, usiku womwewo n'kugula masheya ake, mtima uli dyokodyoko. Chipangizocho chinatulukadi, chinali chabwino, koma patangotha miyezi ingapo opikisana nayo awiri anatulutsa zofanana nazo pa mtengo wotsika. Ndinagulitsa motaya, mayi a kunyumba sindinawauze mpaka patapita chaka.

Chitsanzo chachikulu cha chikomekome cha mkuyu ndi Optane. Mu 2015 Intel ndi Micron analengeza mtundu watsopano wa memori wotchedwa 3D XPoint, umene Intel inadzaugulitsa pa dzina la Optane, n'kunena kuti utha kuthamanga mpaka kuwirikiza 1,000 kuposa memori ya fulashi wamba ya mu SSD. Akatswiri anaombera m'manja, ndipo amene anaigwiritsapo ntchito amaiyamikira mpaka lero. Koma kupanga kwake kunali kodula, pamene fulashi wamba inkatsika mtengo chaka ndi chaka. Micron inatulukamo mu 2021, Intel n'kutseka ntchitoyo mu 2022, itataya madola oposa 500 miliyoni pa katundu wosagulidwa. Intel si kampani ya m'khonde. Ngati iyo inalephera kusandutsa luso kukhala phindu, ndiye kuti luso palokha silikwanira.

Tifike ku SSD yanu, imene ndikuona kuti mtima wanu uli komweko. Choyamba, dzina limene lili pa bokosi si nthawi zonse la amene akudya phindu lalikulu. Tsegulani SSD imodzi yakufa muone timatchipisi takuda tili m'katimo. Timeneto ndi NAND, memori ya fulashi ija, luso limene linayambira ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980 ndi injiniya Fujio Masuoka. Opanga NAND ndi ochepa: Samsung ndi SK hynix a ku South Korea, Kioxia ya ku Japan, Micron ndi Sandisk a ku America, ndi YMTC ya ku China. Mayina ena ambiri amene mumawaona m'mashopu amangogula matchipisi kwa amenewa n'kulumikiza. Kingston, imene mwina ndiyo mumaika kwambiri, masheya ake sagulitsidwa n'komwe pa msika. Ndi kampani ya eni ake. Samsung nayo ili pa msika wa ku Seoul, ndipo mukagula sheya yake mwagula mafoni, ma TV, mafiriji ndi zina zambiri; SSD ndi kagawo chabe.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo pang'ono, malonda a NAND ndi malonda a matimati. Pitani ku Soweto Market m'mamawa pa nyengo imene matimati asowa. Bokosi limadula mpaka amayi ogulitsa kugwira m'mutu. Mlimi wa ku Chongwe amamva, wa ku Chisamba amamva, wa ku Mkushi amamva, onse n'kubzala nthawi imodzi. Pakatha miyezi itatu malole afika pamodzi, mtengo wagwa, ena akungosiya mabokosi akuwolera pomwepo chifukwa ndalama ya thiransipoti siibwerera. Alimi akhumudwa, achepetsa munda, ndiye kenako matimati asowanso. Opanga matchipisi amachita chimodzimodzi, kusiyana n'kwakuti munda wawo ndi fakitale ya madola mabiliyoni ambiri, yotenga zaka ziwiri kapena zitatu kuimanga, ndipo ikamangidwa sungaizimitse wamba chifukwa ngongole yake ikuwerenga. Tchipisi cha Samsung ndi cha Micron kwa wogula n'zosasiyana kwenikweni, ngati timati wa ku Chongwe ndi wa ku Mkushi. Chimalamula ndi mtengo.

Nthawi ya Covid anthu anagula malaputopu ambiri ogwirira ntchito kunyumba, opanga matchipisi n'kukuza minda. Pofika kumapeto kwa 2022 katundu anali mbwee, ogula kulibe. Micron inataya madola 5.8 biliyoni m'chaka chake cha malonda cha 2023, ndipo mu Epulo 2023 ngakhale Samsung, imene sikonda kubwerera m'mbuyo, inalengeza kuti ichepetsa kupanga. Taganizirani chaka chimenecho pa shopu yanu. SSD inatsika mtengo, makasitomala anachuluka, inu munkaika zambiri kuposa kale. Pa tebulo lanu inali nyengo ya zokolola. Kwa eni fakitale inali njala. Mukanaweruza ndi maso a shopu, mukanati makampaniwa akusambira mu ndalama, pamene ankagulitsa motaya.

Msampha wina uli pomwepa. Anthu amakonda kuyerekeza mtengo wa sheya ndi phindu la chaka chimenecho, n'kuti taonani, sheya iyi n'njotchipa. Pa makampani a mtundu uwu, sheya imaoneka yotchipa kwambiri pamene phindu lafika pa nsonga, kutatsala pang'ono kuti malole a matimati afike. Imaoneka yodula kapena yopanda pake pamene kampani ikutaya, chonsecho nthawi zambiri ndi pamene zinthu zatsala pang'ono kutembenuka. Ife a kuno tisachite ngati n'zachilendo. Mkuwa watiphunzitsa zimenezi kuyambira m'ma 1970. Masiku ano aliyense akuti AI ikufuna malo ambiri osungira, ndipo n'zoona kuti ma data centre akugula kwambiri. Funso la munthu wosamala ndi lakuti, mtengo wakwera, nanga ndani wayamba kale kukumba maziko a fakitale yatsopano?

Ngakhale mabwana a makampaniwa sagwirizana kuti tsogolo lili pati. Western Digital inagula SanDisk mu 2016 poganiza kuti hard disk ndi fulashi zikhale m'nyumba imodzi. Eni masheya ena anadandaula kwa zaka kuti ukwatiwo sukupindula, ndipo mu Febuluwale 2025 awiriwa analekana, Sandisk n'kuimanso payokha pa msika wa Nasdaq. Intel inagulitsa nthambi yake ya NAND kwa SK hynix, pa mgwirizano wa madola 9 biliyoni umene unalengezedwa mu 2020. Toshiba inagulitsa gawo lalikulu la nthambi yake ya memori mu 2018, imene lero ndi Kioxia. Awa ndi anthu okhala ndi mabuku onse a kampani pa desiki, koma wina akugula chimene mnzake akuthawa.

Ndale nazo zimalowerera. Mu 2023 boma la America linalipiritsa Seagate chindapusa cha madola 300 miliyoni chifukwa chogulitsa ma hard disk kwa Huawei, ndipo chaka chomwecho China inaletsa mabungwe ake ena ofunika kugula matchipisi a Micron. Zotere palibe amene angazione pa bokosi la katundu.

Ndiye pali kwacha. Pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka, palibe kampani yopanga hard disk kapena SSD. Pali Zambeef, Zanaco, Zambia Sugar, Copperbelt Energy, Airtel ndi ena. Kugula Seagate kapena Micron ndiye kuti mwasintha chilimba chanu kukhala madola, ndipo mwabetcha kawiri, pa kampani ndi pa dola. Ambiri amaganiza kuti dola imangokwera. Kumbukirani 2021: mu Julayi inali pamwamba pa K22, pofika Sepitembala inali cha m'ma K16. Amene anasintha ndalama mu Julayi anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi asanayambe n'komwe kuwerenga za sheya. Onjezanipo zimene banki imadula potumiza, zimene apu imadula pogula ndi pogulitsa, ndi msonkho umene umadulidwa konko pa gawo la phindu. Pa ndalama yochepa, zimenezi zimadya nyama n'kukusiyirani fupa.

Za apuyo, musanaikemo ngakhale ngwee, funsani kuti ili ndi chilolezo cha ndani ndipo masheya anu amasungidwa m'dzina la yani. Imbani kapena pitani ku Securities and Exchange Commission ya kuno ku Zambia, bungwe loyang'anira malonda a masheya, mukafunse ngati amaidziwa. Ma apu ena sakugulitsani sheya yeniyeni, amangokubetchetsani pa mtengo wake, ena ndi akuba basi. Inu mumadziwa fulashi zija zolembedwa 1TB pamwamba, zimene ukaikamo mafilimu atatu achinayi n'kufufuta oyamba. Pa zandalama ziliponso zotero, ndipo bokosi lake limanyezimira kuposa lenileni.

Mwandifunsa kuti mugule a ndani. Sindikutchulirani dzina, chifukwa sindiziwa ngongole zanu, fizi ya ana, kapena kuti lendi ya shopu imakupanikizani bwanji. (Komanso chilimba si mphatso; miyezi yotsatira muyenera kuponyabe, sheya itsike kapena ikwere.) Koma maganizo anga ndi awa. Pa magulu awiri amene mwatchula, malonda a atatu a hard disk ndi odekha pang'ono kuposa a NAND, chifukwa opikisana ndi ochepa ndipo palibe watsopano amene angalowe mosavuta. Choopsa chawo ndi cha Iomega chija: tsiku limene SSD idzatsike mtengo mpaka kuyandikira hard disk pa terabyte, makasitomala akuluakulu adzasamuka osatsanzika. Opanga NAND ali ndi tsogolo lalitali, koma njira yake n'njamabampu, ndipo amene alibe mtima wopirira kuona ndalama yake itachepa ndi theka kwa chaka chathunthu amatsikira pa bampu, pamalo poipitsitsa.

Ngati mtima ukukakamirabe, ikani kagawo kamene kakatayika simudzagona ndi njala, ndipo musaike tsiku limodzi. Gawani pa miyezi ingapo. Musanagule, tsegulani lipoti la kampani la miyezi itatu, limapezeka laulere pa tsamba lake. Siyani zithunzi za katundu watsopano. Funani kuti pa dola iliyonse ya malonda ikutsala zingati akachotsa ndalama zopangira, ndipo chiwerengerocho chikukwera kapena chikutsika. Onani katundu wosagulidwa amene ali m'nkhokwe. Akamachuluka pamene malonda aima, malole ali m'njira. Onaninso ndalama zimene iyo ndi adani ake akuthira pa mafakitale atsopano. Ena amasankha thumba la masheya a makampani ambiri pamodzi, kuti mmodzi akagwa ena awanyamule, ndipo kwa munthu wotanganidwa ndi shopu tsiku lonse imeneyo ndi njira yogonetsa tulo. Musaiwalenso kuyerekeza ndi ma bondi a boma a ku Bank of Zambia, amene chiwongoladzanja chake mumachidziwiratu ndipo chili m'makwacha omwe mumalipirira lendi.

Chomaliza ndi chimene mwina simunachiwerengere. Pa SSD iliyonse imene mumaika, mumapeza phindu pa katundu, pa ntchito ya manja, ndi pa kusamutsa mafayilo a kasitomala, ndipo ndalamayo imabwerera m'sabata imodzi kapena ziwiri. Mtengo wa matchipisi ukagwa, mwini masheya a Micron amalira, inu makasitomala amachuluka. Ukakwera, amene anali ndi katoni yogulidwa kale pa mtengo wakale ndiye amaseka. Tengani buku lanu la maoda, mulembe mtengo umene munagulira SSD ya 512GB mwezi uliwonse kwa chaka chathachi, m'madola osati m'makwacha. Mukaona kuti wayamba kukwera miyezi iwiri yotsatizana, gawo la chilimbacho ligule katoni, ndipo lotsalalo liganizireni inivata ndi batire, kuti malaiti akapita ntchito ya kasitomala isaimire pakati.